Ndinamwetsa Chigayo Ngati Ng'ombe

Abale anga, ndisanayambe kulankhula, yambani mwagwira chitsulo ichi. Bambo inu a kutsogoloku, landirani, mukachiona mupatsire mnzanu, chizungulire mpaka kumbuyo uko. Chikulemera eti? Dzina lake ndi biyela. Ndi mkono umene umakankha pisitawo, chitsulo chija chokwera ndi kutsika m'mimba mwa motolo, uja abale athu a ku Dedza amati injini. Biyela imayenera kukhala yowongoka, koma taonani mmene iyi yakhotera. Sinakhote ndi nyundo ayi. Ndinaikhotetsa ine ndi manja angawa, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuonerera, ndipo tsiku limenelo ndinali ndisanalaweko ngakhale dontho la mowa. Mowa unabwera pambuyo.

Ine ndine Kalisto. Ena mwa inu munandionapo ndili gone m'ngalande ya pa msika wa ku Ulongwe, nthawi ija tinkati Vila Kotinyu. Musachite manyazi kuvomera, ndinali ine ndithu, ndipo ntchentche zinkandidziwa bwino kuposa inu.

Ndinabadwira kufupi ndi Fonte Boa, m'banja la ng'ombe. Ku sukulu ya mishoni ndinaphunzira mpaka kutha kuwerenga Chipwitikizi, koma chimene anthu ankandidziwa nacho ndi luso limene anandisiyira malemu atate anga, lomwetsa ng'ombe mankhwala. Mukudziwa nonse kuti mvula yoyamba ikagwa, ng'ombe ikadya msipu wanthete, mimba imatupa ngati ng'oma ndipo ikapanda kuthandizidwa imafa tsiku lomwelo. Mankhwala ake si ovuta, mafuta a nsatsi m'botolo basi. Chovuta ndi kumwetsako. Umakweza mutu pang'ono chabe, botolo nkulilowetsa m'mbali mwa kamwa mopanda mano, uthire pang'ono, udikire kuti pakhosi pagwedezeke, uthirenso. Lilime osaligwira. Ikatsokomola, leka. Ukachita phuma, mafuta amaphonya njira nkulowa m'mapapo, ndipo ng'ombe imene unabwera kudzaichiritsa waipha wekha. Ine sindinapheko ngakhale imodzi. Anthu ankabwera pa njinga kuchokera kutali kudzanditenga, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Ndinakwatira Rozaliya, ukwati wa m'tchalitchi, nkupita kukakhala kwawo chikamwini. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, Tereza. Mwini mbumba pamudzipo anali atsibweni ake a Rozaliya, a Lumbe, munthu wa khola lalikulu ndi pakamwa pakuthwa. Chaka china a Lumbe anagulitsa ng'ombe zawo zonse, kusiyapo kathadzi kamodzi kamene anapatsa Rozaliya, nkugula chigayo chakale kwa mzungu wina wolima mbatata. Motolo wake anaupatsa dzina la ng'ombe yawo yapamtima imene inapita nawo pa malondapo, Bantomu. Tsiku lotsitsa chigayocho m'ngolo anandiitana pamaso pa anthu.

"Akamwini, khola langa lonse lalowa m'chitsulomu. Inu mumadziwa kusamala ng'ombe, samalani iyi. Ikadzafera m'manja mwanu, inunso mudzaone msana wa njira."

Ananena akuseka, anthu naseka nawo, inenso ndinaseka. Koma aliyense wa inu amene anakhalapo chikamwini akudziwa kuti mawu otere sakhala nthabwala. Nyumba inali ya mkazi, munda wa mkazi, mwana wa kuchikazi. Changa pamudzipo chinali kulira kwa chigayocho basi. Chikamalira, ndinali bambo a Tereza. Chikadzakhala chete, ndinali mlendo.

Chinalira bwino zaka zingapo. Amayi anaiwala mitondo, ankabwera ndi madengu kuchokera midzi yonse yozungulira, ndipo Tereza ankakonda kukhala pakhomo pa chigayo nsidze zili mbuu ndi ufa. Kenaka Bantomu anayamba kudwala. Utsi wakuda bii, mphamvu zochepa, ukathira chimanga chambiri ankachita ngati azima. Inali nthawi yokolola, mzere wa madengu unkafika kumsewu. Ndinapalasa njinga mpaka ku kantina ya ku Vila, mzungu wa pamenepo nandigulitsa kachitini ka mankhwala otsukira m'kati mwa motolo. Pachitinipo panalembedwa zonse. Ndinawerenga, abale, musaganize kuti sindinawerenge. Panati uthire kachivundikiro kamodzi m'thanki yodzaza gazoliyo, mafuta ake a motoloyo, ndipo mwaye uzichoka pang'onopang'ono motolo ukamagwira ntchito.

Nditafika kumudzi ndinawerenganso mokweza, ndikumasulira m'Chinyanja kuti anthu aone kuti mkamwini wa pano anapita ku sukulu. A Lumbe anaomba m'manja ndi kuseka.

"Ha! Kachivundikiro kamodzi m'thanki yonseyo? Akamwini, ng'ombe ikatupa mimba, mafuta mumakathira ku dambo kumene imamwera madzi? Si mumaigwira mutu nkuimwetsa pakamwa? Mwetsani Bantomu monga mumachitira, ife tione!"

Amayi a pamzere anaseka chikhakhali. Wina anati, "Zoona, amwetseni, ife tachedwa." Rozaliya yekha ndi amene sanaseke. Anandiyandikira nkunena chapansipansi, "Bambo a Tereza, nanga zolembazo si zanena zina?" Ine ndinamuyankha mokweza kuti onse amve, "Za chitsulo zisiyireni amuna, mayi." Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandiwawa kuposa chilichonse chimene a Lumbe ananenapo.

Ndinachotsa sefa ya mpweya, pakamwa pa motolo nkukhala poyera. Ndinapukusa manivela, chogwirira chija choyatsira, Bantomu nkuyamba kulira, thi, thi, thi. Ndinakwinya malaya, nkugwira chitini ngati botolo la nsatsi. Mvetsani apa. Ng'ombe imakana. Imapukusa mutu, imatsokomola, imakuuza yokha kuti leka kaye. Motolo sukana kanthu, umangokoka chilichonse chimene waupatsa. Ine nditaona kuti ukumeza bwino chonchi, ndinapendeketsa chitini chonse.

Unakuwa mawu amene ndinali ndisanawamvepo, utsi woyera nkudzaza nyumba yonse, amayi nkuthawa kusiya madengu. Kenaka khoo! Pansi panagwedezeka. Kenaka zii.

M'malo moti ndisiye, ndinagwiranso manivela. Inakana kuzungulira. Ndinaitana amuna awiri, tonse nkuikanikiza, mpaka ine kuipondapo ndi phazi. M'kati munamveka kulira kwa chitsulo, ndipo a Lumbe, amene anali ataima pakhomo, anavula chipewa ngati ali pamaliro nkutembenuka kumapita.

Mesitiri wa ku Vila, a Fabiyawo, mkulu wodziwa zokonza makamiyawo, magalimoto aakulu a katundu aja, anabwera pa njinga nkutsegula motolowo. Anatulutsa chitsulo chimene mukupatsiranachi. Anati china chonga ichi chiyenera kuchokera ku Beira. Koma nkhondo inali itakula m'chigawo cha Tete, msewu unkayendedwa ndi koluna yokha, magalimoto ondondozana operekezedwa ndi asilikali, ndipo ndani akanaika moyo wake pachiswe chifukwa cha biyela ya chigayo cha kumudzi? Tinadikira, sinabwere. Ndinawoloka malire pa Kalomwe kupita ku Dedza chitsulochi chili m'thumba, ndinalowa paliponse pamene panali fungo la oliyo. Okonza magalimoto ankachitembenuza, nkupukusa mitu. Pobwerera, pa Kalomwe pomwepo, munthu wina wonyamula katundu pa njinga anandipatsa kachasu kuti mtima ukhale pansi. Unakhaladi pansi. Ndinafika kumudzi patapita masiku, opanda nsapato.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda mothamanga. M'mawa kachasu kuti ndithe kudutsa pakhomo pa a Lumbe, masana kachasu kuti ndisamve mitondo. Pakuti mitondo inabwerera, abale. Amayi anakaitulutsa kuseri kwa nkhokwe kumene inkadyedwa ndi chiswe, ndipo mukudziwa kuti amayi athu sasinja chete. Anapeka nyimbo. Inkati Bantomu wamwa wagona, Kalisto wamwa wagona, ife tisinje. Inayamba pamudzi pathu, nkufalikira midzi ina, mpaka ana oweta mbuzi ankaiimba ndikamadutsa. Tsiku lina ndinamva ikuimbidwa kuseri kwa nyumba yanga ndi kamawu kakang'ono. Anali Tereza, akuphunzira kusinja ndi kamunsi kake, akuimba mokondwa osadziwa n'komwe kuti Kalisto wa m'nyimboyo ndi atate ake. Atandiona anasiya. Kenaka anazindikira, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha.

Ndinagulitsa njinga. Ndinagulitsa jekete la ukwati. Pomaliza ndinachotsa lamba wa chigayo nkukamupereka kwa mayi wotcheza kachasu, mwamuna wake nkumudula kupanga nkhwaira. Lambayo sanali wanga. Ankhoswe anakhala pansi, ine ndili chiledzerere sindikumbuka n'zimene ndinayankha. Chimene ndikukumbuka ndi choti kutacha ndinapeza mphasa yanga, khasu langa ndi kolona yanga zili panjira yotulukira m'mudzi. Rozaliya anaima patali, manja ali kumbuyo. Manja amenewo anali atachita zikang'a ndi munsi. Sanatukwane, sanalire. Chikhala anatukwana bwenzi zili bwinoko.

Kwathu sindinapite, manyazi. Ndinakakhala pa msika wa ku Vila, kunyamula matumba a mbatata kukweza m'makamiyawo, malipiro ake kukathera ku botolo dzuwa lisanapendeke. Mukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi wa Juni. Ndinkafunda thumba, ndinkadzuka nditadzikodzera, agalu a pamsika ankagona nane chifukwa tinkanunkha mofanana. Ku tchalitchi ndinasiya. Kolona ndinasinthanitsa ndi kapu imodzi. Masiku ena ndinkayang'ana msewu wa ku Tete, umene anthu ankati uli ndi mabomba okwirira, nkumaganiza kuti ndingouyamba wapansi, mwina phazi langa lingapeze chimene likufuna. Sindinapite, osati chifukwa cha chikhulupiriro, koma chifukwa miyendo inalibe mphamvu. Zaka zinadutsa chonchi ndipo sindingakuuzeni kuti zingati, sindinkawerenga.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndabwera kudzakufotokozerani pano.

Mvula yoyamba inali itagwa. Ndinali tsonga pakhonde la sitolo, mutu ukuwawa, ndisanapeze woti andigulire. Ndinaona mapazi a mtsikana ataima patsogolo panga. Nditakweza maso, anali Tereza, atatalika, mpango kumutu. Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira chinthu chimene wauzidwa kuti ukatole.

"Inu, amayi akuti mubwere."

Sanati atate. Anati inu.

"Kwagwanji, mwana wanga?"

"Ng'ombe yatupa. Ena ayesa, akuopa. Amayi akuti mubwere msanga agogo a Lumbe asanabwereko ku maliro."

Inali ng'ombe ija yotsala, kathadzi kaja, tsopano itakula ndipo ili ndi bere. Chuma chonse cha Rozaliya ndi mwana wake chinali chimenecho. Sanandiitane chifukwa chondisowa ine, ndinadziwa. Koma ndinanyamuka. Njira yonse Tereza ankayenda patsogolo, patali ndithu, ndipo mphepo ikatembenuka ankaphimba mphuno ndi nsonga ya mpango.

Tinaipeza itaima kuseri kwa khola, miyendo itatangadza, mbali ya kumanzere itatupa mpaka kupitirira msana, ikupuma movutika. Rozaliya anali atakonza kale botolo la nsatsi. Sanandipatse moni. Anangonditambasulira botololo, ine nkulilandira.

Abale, manja anga ankanjenjemera. Si kunjenjemera kwa mantha ayi, ndi kuja mukukudziwa ena a inu, kwa munthu amene sanamwe chiyambire m'mawa. Botolo linkagunda mano a ng'ombe, kho kho kho, mafuta nkumatayikira pa dzanja. Ndinalichotsa, nkupuma, nkuyesanso. Chimodzimodzi. Anthu anali atayamba kusonkhana, amayi omwe aja a nyimbo. Wina anati, "Thirani msanga inu, ifa!" Wina anati, "Ingothirani lonse!" Ndipo ndinamva dzanja langa likufuna kumvera, likufuna kupendeketsa botolo kuti zithe, anthu aleke kundiyang'ana. Ng'ombe inanditembenuzira diso. Ndinamva fungo la gazoliyo pamene panalibe gazoliyo.

Ndinatsitsa botolo.

"Mayi a Tereza, sindingathe. Ndikathira ine ndiipha."

Ndi mawu amene ndinali ndisanawanenepo chibadwire, oti sindingathe, ndipo ndinawanena pamaso pa mudzi womwe uja. Rozaliya anandiyandikira.

"Nanga titani?"

"Gwirani botolo ndinu. Ine ndigwira mutu, ndizikuuzani."

Ndinakumbatira khosi la ng'ombe ndi mkono wonse, poti mkono sunkanjenjemera ngati zala, tsaya langa nkuligunditsa pakhosi pake kuti ndizimva ikameza. Rozaliya analowetsa botolo m'mbali mwa kamwa. Ndinati thirani pang'ono. Anathira. Ndinati lekani. Analeka. Tinadikira, anthu akung'ung'udza, mpaka ndinamva pakhosi pakugwedezeka pa tsaya langa. Thiraninso. Lekani. Inatsokomola kamodzi, tonse tinaima, mtima wanga uli m'mwamba, mpaka inapumanso bwino. Tinapitiriza choncho mpaka botolo linatha. Kenaka ndinauza Tereza kuti aiyendetse pang'onopang'ono chokwera mtunda. Patapita nthawi inageya, mpweya wonunkha zedi, nkugeyanso, mimba nkuyamba kuphwa. Amayi ena analulutira. Ine ndinakhala pansi m'ndowe momwemo nkulira ngati mwana, chifukwa ndinaona kuti zaka zonsezi ndinkadzimwetsa ndekha mmene ndinamwetsera Bantomu, ndipo panalibe wondiuza kuti leka.

Rozaliya anandibweretsera madzi osamba m'manja ndi chimanga chowotcha. Anati, "Idyani muzipita, atsibweni asakupezeni."

"Mayi a Tereza, kodi ndingadzabwererenso pano?"

Anayang'ana ku nyumba ya chigayo, imene denga lake linali litayamba kugwa. "Chikadzalira chija tidzakambirana."

Mawu amenewo ndi amene ndinanyamula. Tsopano mverani zimene ndinachita, poti mwina wina pano zimuthandiza.

Choyamba, sindinabwerere pakhonde paja. Ndinapita kwa a Fabiyawo, mesitiri uja, nkuwauza kuti ndipatseni tsache, malipiro anga akhale chakudya ndi pogona, ndalama musandipatse m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Ukasanza, ukolopa wekha." Masiku oyamba ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Akazi awo ankandimwetsa phala ndi supuni. Musayese kusiya muli nokha m'nyumba, abale, pezani munthu woti akuoneni.

Chachiwiri, ndinafunsa chimene ndinkaopa kufunsa, kuti kodi kwenikweni ndinachita chiyani. A Fabiyawo anatenga pampu ya njinga, nati tseka kukamwa kwake ndi chala, ukanikize. Ndinakanikiza, inalowa ndithu, mpweya unapanikizika. Anaidzaza madzi nati kanikizanso. Sinasunthe ngakhale pang'ono, ngati ndakanikiza mwala. Anati, "Ndi zomwezo. Pisitawo ikamakwera imapanikiza mpweya, mpweya umalola. Chamadzimadzi sichilola, kaya ndi madzi, kaya mankhwala, kaya gazoliyo amene. Pisitawo ikachipeza pamwamba, china chake chiyenera kugonja, ndipo chimagonja ndi biyela." Anandiphunzitsa kuti mankhwala otsukira amapita kumene chitini chanena, pa muyeso umene chanena, ndipo ngati sutha kuwerenga, funsa wotha, ndipo wothayo asamvere anthu a pamzere. Pakamwa pa motolo ndi pa mpweya pokha. Mvula ikamagwa, phimbapo. Kamiyawo ikazimira pakati pa mtsinje, osaiyatsanso. Motolo ukameza chamadzimadzi nkuima, manja kutali ndi manivela. Umasule kaye potulukira mafuta pamwamba pa pisitawo, uzungulitse pang'onopang'ono ndi dzanja kuti ulavule, usinthe oliyo, kenaka uyese. Anandiuzanso kuti tsiku lija, chikhala sitinakanikize atatu, mwina zina za m'katimo zikanapulumuka. Zimenezo anakanena mosanyengerera, ndipo ndimawathokoza.

Chachitatu, ndinagwanso. Ndisakunamizeni. Nditakhala nthawi ndithu osamwa, munthu wa kumudzi kuja anabweretsa njinga yake kudzawotcheretsa, nkundiuza ngati nkhani wamba kuti Rozaliya analowetsa mwamuna wina m'nyumba. A Lumbe anamukakamiza, poti munda unkafuna mwamuna, ndipo Rozaliyayo anali atandidikira mpaka kutopa. Chifukwa cha ukwati umenewo anasiya kulandira Ukaristiya, mkazi amene sankaphonya Misa. Ndinaika sipanala pansi nkupita molunjika kwa mayi wa kachasu. A Fabiyawo anakanditola m'ngalande yomwe ija patapita masiku, nkundikweza pa wilibala. Sanandilalikire. Anangondipatsanso tsache. Ndinawafunsa kuti ndivutikirenji tsopano, nyumba yapita. Anati, "Mwana wako akusinjabe."

Ndinayambiranso poyamba. Manja anasiya kunjenjemera, anayamba kundipatsa ntchito zazing'ono, kenaka zazikulu. Lamba wa chigayo ndinagula wina ndi thukuta langa nkumupachika pakhoma, ndikumuyang'ana tsiku ndi tsiku. Biyela yokha ndiyo inkasowabe.

Inapezeka chaka chimene Apwitikizi ankalongedza katundu. Mzungu wina wa munda waukulu ankagulitsa zonse mothamanga, ndipo m'shedi mwake munali motolo wakufa wa mtundu womwewo, wosweka mutu koma m'mimba muli bwino. A Fabiyawo anandigulira nati ndidzagwirira ntchito. Tinamasula zofunika, nkumanga pa njinga ziwiri, ulendo wa kumudzi.

A Lumbe tinawapeza atakalamba, maso atachita khungu. Atamva mawu anga anati, "Mwabwera kudzamaliza chiyani?" Ndinagwada nkunena kuti, "Atsibweni, ndabwera kudzadzutsa ng'ombe yanu." Anauza mdzukulu kuti awatulutsire mpando pafupi ndi chigayo, nakhala pomwepo masiku onse amene tinkagwira ntchito. M'motolo munali zisa za mavu ndi dzimbiri. Tinatsuka chimodzichimodzi, ndi palafini ndi nsanza, mosathamanga. Titamanga, ndinazungulitsa kaye ndi dzanja kambirimbiri kumvetsera ngati pali pogwira. Kenaka ndinagwira manivela. Unatsokomola, nkutsokomolanso, kenaka thi, thi, thi, thi. A Lumbe anatambasula dzanja mpaka kugwira khoma limene linkanjenjemera, misozi nkumatsika. Mitondo ya m'mudzi inaleka umodziumodzi.

Rozaliya anabwera dzuwa litapendeka, khanda lili kumsana. Khandalo linali la mwamuna winayo. Anaima pakhomo, ine nkuchepetsa motolo kuti timvane.

"Ndinati chikadzalira tidzakambirana. Ndabwera."

"Palibenso chokamba, mayi a Tereza. Ndinachedwa."

"Munachedwadi," anatero, osabisa. "Nyumba ili ndi mwini wake, ndipo ndi munthu wabwino, sindingamuchotse. Koma mwana wanu akukwatiwa. Chimanga cha ukwati tinati tiyamba kusinja mawa. Ndamuuza kuti asasinje."

Anapatuka pakhomopo. Kumbuyo kwake kunali Tereza, dengu lalikulu lili pamutu, khosi likuchita kunjenjemera ndi kulemera. Anandiyang'ana, nkuyang'ana pansi, nkundiyang'ananso.

"Atate, tanditulani."

Ndinamutula. Ndinagaya dengu limenelo ndi ena onse amene anabwera pambuyo pake, ufa nkumandilowa m'maso, ndipo zinandithandiza poti palibe anafunsa chifukwa chake ndinkapukuta nkhope. Ntchito itatha ndinakwera njinga kubwerera ku Vila, kukagona kuseri kwa garaja ya a Fabiyawo, pakuti m'mudzi umene ndinamangamo nyumba ndi manja anga munalibe poti ndigone. Ndimagona komweko mpaka lero. Pa ukwati ndinakhala kumbali ya alendo.

Inu amene munamwa dzulo, ndi inu amene botolo likukudikirani panjira mukatuluka muno, sindikuuzani kuti mukasiya zonse zidzabwerera. Kwa ine sizinabwerere. Chinabwerera ndi liwu limodzi lokha la mwana wanga, ndipo ndikanachedwa chaka china, nalonso ndikanalipeza litapita.

Chitsulo chija chafika kwa ndani? Bambo inu a kumbuyo, ndaona mukuyesa kuchiwongola pa bondo. Musavutike, inenso ndinayesa, ndi moto womwe. Bweretsani kuno, ndimagona nacho kumutu.